Mabuleki a Nedson

Lolemba, 3 Juni

…ndiye ng'ombe ija itaona kuti mwini wake ali pansi, inatembenuka ngolo ili kumbuyo, n'kudzandinyambita pamphumi ngati ikupepesa. Ndinaiuza kuti, "Bulaki, pepesa mwendo, mutuwu sunaulakwire." Anthu amene anandizinga pamsewu paja analipo mazana atatu, osawerengera agalu. Ena akuti anali asanu ndi mmodzi. Amenewo ndi ansanje.

Tsamba loyamba la kope lino palibe. Ndapichirira chingambwe, chingambwecho anesi alanda. Choncho wodzawerenga ayambire pakati ngati munthu wofika mochedwa ku Misa. Mwachidule, ine ndine Gregorio Mbewe wa ku Kasakula, mlimi wa mtedza ndi fodya, Sitandade 5 koma mutu wa Fomu 4. Dzulo ndinagwa pa ngolo potsetsereka, teyala n'kundiponda ntchafu yamanja. Ajambula, fupa lathyoka pakati, thyo, ngati mzimbe. Andibaya chitsulo pansi pa bondo, amangako chingwe, kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga la makilo asanu ndi awiri. Akuti ndigona chagada masabata asanu ndi limodzi. Bedi nambala 7, wodi ya amuna.

Kopeli wandigulira mkazi wanga Elizabeti. Akuti ndikamalemba, makutu a anthu amapumako.

Lachiwiri, 4 Juni

Zilembo zapindikapindika chifukwa manja akunjenjemera. Ndi kuzizira kwa Juni basi.

Kwabwera kamtsikana ka jasi loyera, dzina lake Talandira. Si dokotala wathunthu ayi, akuphunzira. Akuti mwezi wamawa alemba mayeso a matenda a m'mutu, ndiye amayenda atakumbatira chibuku chonenepa kuposa Baibulo la ku parishi.

"Bambo Mbewe, mowa mumamwa wochuluka bwanji?"

"Ine, adokotala? Kakapu kamodzi pa Khirisimasi, pa Nyuwere n'kulapa."

"Tambasulani manja."

Ndatambasula. Zala zonse zikuvina chimtali.

"Chaka chino Khirisimasi yafulumira," watero, n'kulemba pakapepala.

Ine ndimadziwika ndi kukulitsa zinthu, koma pa nkhani iyi yokha ndachepetsa. Munthu ayenera kusinthasintha.

Pa bedi 8 pali Nedson, wa zaka ngati makumi atatu. Wapsa mkono wamanzere ndi nthiti. Akuti anagwera pamoto m'balani poumitsa fodya wa chikopa. Ndi wofatsa ngati nkhunda yonyowa. Ndamupatsa dzina loti Kanyenya. Wodi yonse yaseka, ngakhale madala a pa bedi 2 amene akuti sanasekepo chiyambire Pasaka. Mwini wake wangomwetulira n'kuyang'ana kudenga.

Lachitatu, 5 Juni

Linthumbu pakhoma. Linthumbu pabulangete. Anesi akuti palibe. Anesi ndi akhungu. Wina wakhala pa thumba la mchenga, wavala chipewa cha malemu bambo anga, akundiseka.

Loweruka, 8 Juni

Ndabwerako. Kumene ndinali sindikudziwako.

Elizabeti akuti Lachiwiri lija, nditangotseka kope, ndinauma gwaa, maso n'kutembenuka, thovu m'kamwa, bedi lonse gwedegwede. Odwala oyenda ndi magadiyani awo anathawira pakhonde kuopa kutengera. Akuti amene anatsala ndi Kanyenya yekha. Anandipendeketsa mutu ndi dzanja labwino lija kuti ndisatsamwe, uku akuitana anesi. Ndati, "Nanga akanathawira kuti, munthu wakupsa kale?"

Elizabeti waulula zonse kwa adokotala. Botolo limodzi la kachasu tsiku lililonse, zaka makumi awiri. Mkazi ameneyu sasunga chinsinsi, akanakhala nkhokwe bwenzi tikugona ndi njala.

Mankhwala: dayazepamu mamiligalamu 10, poyamba kanayi patsiku, lero katatu, akuti azichepetsa pang'onopang'ono. Jakisoni wa vitamini wotchedwa thayamini m'thako m'mawa uliwonse, wowawa ngati mavu. Panado awiriawiri.

Ndafunsa Talandira kuti ine munthu wopanda khunyu ndinagwa bwanji. Wakhala pampando, watsekula chibuku chija, akuti akandifotokozera ine n'kumva ndiye kuti mayeso wakhoza kale.

"M'mutu mwanumu muli timitsempha toposa nyenyezi. Timatumizirana moto ngati wa magetsi. Koma sitigundana, pakati pali kampata, ndiye uthenga umawoloka ndi timadzi. Timadzi tina timati thamanga, tina timati ima. Toti thamanga ndi gulutameti, toti ima ndi gaba."

"Ndamva. AGulutameti ndi wa chikwapu, aGaba ndi wa pa buleki."

"Eya. Kachasu amathandiza aGaba kuponda buleki. Zaka makumi awiri ubongo wanu unaona kuti woponda alipo, ndiye unamasula buleki yake n'kuwonjezera zikwapu. Mutagonekedwa muno kachasu uja anachoka tsiku limodzi. Chinatsala n'chiyani?"

"Ngolo pamtsetse, zikwapu zokhazokha."

Waomba m'manja. Ndinanena ine, mutu wa Fomu 4.

Lamulungu, 9 Juni

Tsiku la alendo. Elizabeti wabweretsa futali ndi nthochi. Mkazi wa Nedson, dzina lake Fanny, amagona kukhitchini ya magadiyani, amabwera katatu patsiku. Ndi wamfupi, wochangamuka, amamudyetsa mwamuna wake ngati khanda. Lero kwabweranso atsibweni ake a Fanny, aElifala, mwini mbumba. Jekete lakuda, zomangira buluku za panjinga sanavule n'komwe. Nedson ndi mkamwini kumudzi kwawoko, kwawo kwenikweni ndi kuseri kwa Mponela.

AElifala sanafunse n'komwe kuti Nedson wadzuka bwanji.

"Akamwini, tiuzeni zoona. Munthu wa maso awiri amagwera bwanji pamoto woti wasonkha yekha?"

"Utsi, atsibweni. Utsi unandizunguza mutu."

"Ine ndaumitsa chikopa zaka makumi atatu, utsi sunandigonekepo. Mumve bwino. Mbumba yanga ilibe matenda akugwa. Ndikadzangomva kuti ndi zimenezo, mudzanyamula bulangete lanu, ulendo wa kwanu. Ndiponso zaka zitatu m'nyumba muli zii, kulira kwa mwana sitikukumva. Tikusungirani chiyani?"

Fanny wati, "Atsibweni, muno ndi m'chipatala." Iwo ati, "Ndiye poyenera kunenera za matenda."

Ine zoona zake ndikuzidziwa. Makutu angawa amamva nyerere ikutsokomola ku Ntchisi boma. Madzulo alionse sikisi koloko anesi a Veronika amamupatsa Nedson timibulu titatu toyera, fenobabitoni, mamiligalamu 30 kalikonse. Adayamba kugwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Pofunsira ukwati adabisa. Fanny adatulukira yekha ali kale m'nyumba, n'kubisa nawo. Timibuluto amakatenga kuchipatala chakutali kuti anthu a m'mudzi asamuone. Mwezi wathawu fodya anamupanikiza, sanakatenge, ndiye moto unamulandira.

AElifala atatuluka ndayimba pang'onopang'ono, "Utsi, utsi, wandizunguza mutu." Nedson wati, "Achimwene, chonde. Iwo aja akakhalapo musamatchule." Ndati ndiganiza kaye. Poganizapo, andipatsireko botolo lokodzera. Wandipatsira. Atakataya wabweranso nalo lotsukatsuka.

Lachiwiri, 11 Juni

Dayazepamu kawiri patsiku. Ajambulanso mwendo, akuti fupa lakhala pamzere. Pamene pali chitsulo akutsukapo ndi mankhwala ofiirira.

Talandira wandiyesa mutu. Ndisunge mawu atatu: nkhuku, mpando, mvula. Ndichotse seveni pa handiredi mobwerezabwereza. Ndafika pa 79 n'kunena kuti otsalawo ndawagulitsa. Mawu aja ndakumbuka awiri, mpando wandithawa. Akuti kachasu amadya vitamini uja, ubongo n'kumadontha ngati denga la udzu wakale.

Wandiuzanso za galu amene ankamulizira belu nthawi ya chakudya, mpaka belu lokha linkamudonthetsa malovu. Ndati galu ameneyo anali wopusa. Nthawi yomweyo kangolo ka mankhwala kalira kwii kwii pakhomo, ine khosi tolo, manja n'kusiya kunjenjemera mankhwala ndisanamwe. Wangondiyang'ana. Mwana wopanda ulemu.

Masana ndachititsa sewero. Ndaonetsa wodi mmene Kanyenya anagwera m'balani, ndi maso omwe, ndi lilime lomwe, ine chigonere. Anthu aseka mpaka wa pa bedi 4 ulusi wa pamimba wamuwawa. Wina wati asamamwere kapu imodzi ndi ife. Talandira wamva, wakalipa. Akuti khunyu silipatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya woipa, kaya ndi kapu. Ndi moto wa m'timitsempha tija ukayaka wonse nthawi imodzi, basi. Kenaka wati, "Bambo Mbewe, inu munagwa chimodzimodzi sabata yathayi." Ndati zanga zinali za mowa, za ulemu wake.

Lachinayi, 13 Juni

Dayazepamu watha dzulo. Tulo palibe. Thupi lonse likuyabwa mkati, posakandika. Ndapempha kambulu kamodzi kokha, akana, akuti nakonso kamakola munthu ngati kachasu yemweyo. Ndapempha Elizabeti kakachasu m'botolo la thobwa. Wati akaneneza kwa abambo mfumu.

Talandira amawerenga mokweza pafupi ndi windo lathu chifukwa m'pamene pamafika dzuwa. Lero ndamva ndi makutu anga: mowa, dayazepamu ndi fenobabitoni onse amagwira pa buleki imodzi, ya aGaba. Ndamufunsa ngati wophunzira wakhama, "Ndiye kuti timibulu ta mphwangayu ndi achibale a kachasu?" Wati, "Pachibale penipeni. Mwayamba kundiposa, bambo Mbewe."

Tsiku lonse ndakhala ndikuyang'ana bedi 8.

Lachisanu, 14 Juni

Fanny atapita kukaphika ndamuitana.

"Mphwanga, sendera kuno. Zaka zingati ukumwa timibulu timeneti?"

"Khumi ndi zisanu, achimwene."

"Pa ukwati zingati?"

"Zitatu."

"Ana angati?"

Wayang'ana pansi.

"Wamva wekha adokotala dzulo. Timeneti ndi buleki. Ukuganiza kuti buleki imasankha teyala? Ikagwira kumutu yagwiranso kumunsi. Kwathu kudali munthu, Moffat, adamwa timeneti zaka khumi, nyumba zii ngati yako. Atasiya, mapasa kawiri motsatizana, mpaka mkazi adathawira kwawo kukapuma."

Moffat alikodi, koma ndi wosoka nsapato, ndipo sadakwatirepo.

"Koma ndikasiya ndimagwa."

"Kumudzi, pa utsi ndi ntchito. Muno uli chigonere, ugwera kuti? Ndiponso adokotala ali pomwepa. Yesa masabata awiri, magazi ayere. Ukatuluka, mwezi umodzi wokha Fanny wayamba kulavula. Mwana akabadwa, aElifala adzakuthamangitsa ndi pakamwa pati?"

Wati afunse kaye adokotala. Ndati, "Funsa. Kauze kamtsikana kosakwatiwa kuti kumunsi kwako kwazima. Kalemba m'buku, mawa kawerenga mokweza pawindo." Makutu ake ndawaona akufota.

Loweruka, 15 Juni

Sikisi koloko, kangolo kwii kwii. A Veronika ali okha pa odwala makumi atatu, amangoika m'dzanja, kuona kuti waponya m'kamwa, n'kupitirira. Nedson wabisa kunsi kwa lilime, walavulira m'dzanja. Amafuna akataye kuchimbudzi. Ndati, "Bweretsa kuno ndikusungire, angakugwire."

Tinali tonyowa ndi malovu ake. Kale sindikanatikhudza ngakhale ndi ndodo. Koma adokotala anati malovu sapatsira, ndiye ndameza tonse titatu. Sukulu ndi yabwino, abale.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndikugona ngati mwala wa pamtsinje. Masiku atatu tsopano. Dzulo anesi anachita kundigwedeza kuti ndimwe phala. Kuyabwa kuja kwatha. Elizabeti akuti nkhope yanga yasalala, ndi mapemphero a Amayi a Chifundo. Ndavomera.

Nedson naye wasintha. Maso ayera, tulo ta masana tatha, akuyenda pakhonde akuimba mluzu. Zilonda zikuuma bwino, akuti za kunthiti zatseka theka. Lero wamuseketsa Fanny mpaka Fanny wamumenya ndi chivundikiro cha poto. Ndinamumva akuti, "Ndikatuluka muno zinthu zisintha, uona." Fanny wati, "Zisintha chiyani, inu?" Iye wangondiyang'ana ine n'kutsinzinira diso.

Wandibweretsera mtedza wokazinga umene Fanny anamukonzera. Akuti, "Achimwene, masiku anayi osagwa, mutu uli mbee. Inu ndi dokotala." Ndati auze anzake, ndimalandira odwala Lachiwiri ndi Lachisanu.

Lachinayi, 20 Juni

Achepetsa mchenga, tsopano makilo asanu. Kumsana kwatuluka kachilonda, akundipaka mafuta n'kuika pilo.

Phunziro la lero pawindo: mmene mankhwala amachokera m'thupi. Akuti chiwindi ndi impso zimasesa, koma liwiro limasiyana. Panado maola ochepa wapita. Fenobabitoni ndi mlendo wosafuna kutsanzika. Pakatha masiku anayi m'pamene theka lachoka. Masiku ena anayi, theka la theka lija. Choncho munthu akasiya amakhala bwinobwino sabata yathunthu, n'kumadzitama kuti wachira. Kenaka buleki imatheratu, ndipo ubongo umene unazolowera zaka zambiri umagwa kugwa koposa kwakale, kosadukiza, kotha kupha.

"Mwamva, bambo Mbewe? Ndikufunsani mawa."

Ndamva. Ndawerenga pa zala kunsi kwa bulangete. Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri, ndi theka. Lachitatu, lero, mawa, mkuja.

Nedson anali kosambitsa zilonda, sanamve. Ndinaganiza zomuuza. Koma sikisi koloko kangolo katalira, m'kamwa mwanga munadzaza malovu, dzanja linatambasuka lokha. Ndimuuza mawa. Mabuku nawonso amakokomeza, ine ndimawadziwa anthu okokomeza.

Loweruka, 22 Juni

Nedson wadzuka wosakondwa. Akuti akumva fungo la mphira wopserera pamene palibe chikupsa, ndiponso chala chachikulu chikudumpha chokha. Akuti zimayamba choncho.

"Achimwene, timibulu munkandisungira tija, ndipatseniko titatu. Mawa kubwera atsibweni."

"Ndinataya, mphwanga. Ukufuna atigwire tonse?"

"Ndiye talero ndimwa."

"Imwa. Sabata yonse yapita pachabe. Magazi atsala pang'ono kuyera, iwe ukuthiramonso matope. Fungolo ndi poizoni akutuluka. Moffat ankamva fungo la matayala a thirakitala, koma anapirira, chifukwa anali mwamuna. Kaya iwe."

Sikisi koloko wayika m'kamwa, wandiyang'ana, ine ndangokweza zikope. Walavula.

Talandira sanabwere lero, akupuma. Funso lake la dzulo ndinakhoza.

Lamulungu, 23 Juni

Alendo anadzaza wodi. A kwaya ya ku parishi anali pa bedi 2. AElifala anafika ndi mlongo wawo, mayi ake a Fanny, atanyamula mbatata yootcha. Anali ofewerapo lero, anafika mpaka ponena kuti balani alikonza, fodya wotsala aika m'mabelo. Nedson anakhala tsonga, malaya oyera paphewa, akulandira mbatata ndi dzanja labwino.

Mbatata inagwa. Anakuwa mawu amodzi ngati mbuzi yogwidwa pakhosi, n'kugwa chagada, mutu pa chitsulo cha bedi langa, khuu. Thumba la mchenga linagwedezeka, ine ndinamva mpaka m'fupa.

Kwaya inabalalika. Mayi ake a Fanny anafunda chitenje kumaso n'kuthawira pakhomo. Wina ankakuwa kuti muikeni supuni m'kamwa, wina kuti musamukhudze. Fanny yekha anagwada, wagwira mutu, akuti, "Nedi, Nedi, ndili pano." Mabandeji anasomphoka, zilonda zouma zija zinang'ambika pa simenti. Anakodza pomwepo, apongozi ake akuona.

Ine ndinali ndi dzanja lofikira. Linali pafupi ndi mutu wake chonchi. Sindinalitambasule, ndinkaopa chingwe cha mwendo.

A Veronika anamubaya dayazepamu pamtsempha. Sanasiye. Anabayanso. Anasiya pang'ono, asanatsitsimuke anayambiranso. Anaitana dokotala wamkulu kunyumba, anamuika diripi ya fenobabitoni yemwe uja. Wa pa bedi 4 ali ndi wotchi, akuti zonse zinatenga mphindi makumi asanu. Dokotala ankangoti, "Munthu woti akumwa mankhwala tsiku lililonse? Sizikumveka." Nedson anasanzanso, zina zinalowa m'mapapo.

AElifala anaima chiimire mpaka mapeto, manja kumbuyo, ngati akuonerera fodya pa sikelo. Atatha anati, "Utsi uja ndi umenewu." Anauza Fanny kuti akasambe m'manja ndi sopo, atenge katundu wake. Fanny anakana. AElifala anati, "Chabwino, umuperekeze kwa abale ake, ukabwere wekha."

Mbatata ija inatsala pansi pa bedi langa. Palibe anaitola.

Lolemba, 24 Juni

Amutumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kupuma kukuvuta, thupi latentha, sakudzuka bwino. Ambulasi inafika teni koloko.

Pomudutsitsa pa machira pafupi ndi bedi langa anatsekula maso, n'kukweza dzanja labwino lija. Anati, "Tsalani bwino, achimwene. Palibe mlandu." Mwana wa ulemu ameneyu. Ndinati, "Pita bwino, Kanyenya, ukawapatse moni a mu tauni."

Pa bedi 8 ayalapo nsalu ina.

Lachiwiri, 25 Juni

Sindinagone. Manja ayambiranso.

Talandira wabwera wopanda chibuku. Waima kumiyendo kwa bedi, wayang'ana pepala langa nthawi yaitali.

"Bambo Mbewe, dayazepamu tinasiya pa 12. Masiku awiri munkalira tulo. Kenaka sabata yathunthu anesi alemba kuti mumagona mpaka phala kuzizira. Lero mukunjenjemera. Tsatirani chala changa ndi maso, mutu usayende."

Ndatsatira. Akuti maso anga akudumphadumpha ngati nsomba ya pamtunda. Akuti ndi mmene amachitira maso a munthu amene wakhuta fenobabitoni.

"Ndi mapemphero, adokotala."

"Munayamba liti?"

"Mwina mphepo ya pa bedi 8 inkandifika."

"Munayamba liti?"

Ndanena. Ndafotokozanso za Moffat kuti mwina aseke. Sanaseke.

"Za masiku anayi zija ndinakuphunzitsani Lachinayi. Lachisanu ndinakufunsani, munakhoza."

"Ndinakhozadi."

"Ndiye munkadziwa."

Ndati ine ndi wa Sitandade 5, za m'mabuku ndingazidziwe bwanji? Wati, "Ayi, bambo. Inu ndi amene munamva bwino kuposa onse." Wapita kukauza dokotala wamkulu. Ndamuona pakhonde akupukuta m'maso ndi mkono wa jasi. A Veronika aitanidwa ku ofesi, abwerako nkhope ili gwaa. Tsopano aliyense akamwa mankhwala akumuyasamitsa, lilime m'mwamba, ngati ng'ombe ya pamsika. Wodi yonse ikudziwa chifukwa chake.

Chokoma n'chakuti sangandisiyitse mwadzidzidzi, ndingagwenso. Ndiye andilembera: timibulu tiwiri masiku asanu, kamodzi masiku asanu, kenaka theka. Timibulu ta Nedson tomwe tija, tsopano touma bwino, pa kambale, ndi madzi omwera. Ndati, "Mwaona, anyamata? Ena amaba, ine andilembera." Palibe waseka. Wa pa bedi 4 watembenukira kukhoma.

Lachisanu, 28 Juni

Mchenga makilo anayi. Akuti fupa layamba kumera. Masabata awiri ndi theka atsala.

Talandira akuwerengera ku wodi ya amayi. Akafika pa bedi langa amayeza, amalemba, amapita. Ndamufunsa za aGaba, wati ali bwino.

Botolo lokodzera ndimachita kukuwa kanayi. Elizabeti amabwera, amaika chakudya, amakhala chondifulatira akusenda nthochi. Lero wangoti, "Munthu uja anakugwirani mutu." Ndati mutu wanga ndi wolemera, anachita mwayi kuugwira. Wanyamula mbale ndisanamalize.

Lamulungu, 30 Juni

Kwabwera Fanny kudzatenga beseni ndi mapoto amene anasiya kukhitchini. Waonda sabata imodzi yokha. Ndimayesa adutsa, koma wabwera n'kuima pamene pankaima mwamuna wake.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mlamu. Kaya odwala athu?"

Akuti ali moyo. Anadzuka Lachinayi. Mawu akutuluka amodziamodzi ngati a mwana, dzanja labwino lija silikugwira supuni. Madokotala akuti ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda mpweya wokwanira, mwina zibwerera, mwina ayi. Mayi ake a Nedson afika kuchokera ku Mponela, ndi amene akumusunga. Fanny atsibweni ake amuitanitsa. Bulangete, khasu ndi njinga ya Nedson anatumiza kale kwawo Lachitatu, ankhoswe angouzidwa pa foni.

"Ndamva kuti munamuuza kuti mankhwala ndi amene amamumana mwana."

Ndati, "Zocheza za m'wodi, mlamu. Munthu ukagona chagada pakamwa pamayenda pokha."

Wagwira pamimba. "Miyezi itatu iyi. Woyamba sitilengeza msanga, akuluakulu asanakulange. Ndinkati atuluke kaye muno ndikamuuzire kunyumba. Dzulo ndamuuza. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati fodya tamanga."

Atsibweni akuti mwana ndi wa mbumba, alera okha, koma bambo wake asadzapondenso pamudzipo.

Ndinafuna kunena kanthu koseketsa. Ndili nazo zambiri, ndimatha kuseketsa anthu pamaliro. Ndinati, "Ndiye kuti mphwanga anali mwamuna kale." Fanny anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa thumba la mchenga. Anati, "Muchire, bambo. Mukayende ndi miyendo yonse iwiri." Anasenza beseni n'kutuluka.

Sikisi koloko yakwana, kangolo kalira. Kambulu kamodzi. Ndayasama, a Veronika ayang'ana kunsi kwa lilime.

Kope latsala masamba ambiri koma pensulo yafupika, ndilekera pano. Chimodzi chokha ndikonze, poti Elizabeti amawerenga ndikagona. Za Lolemba zija, zoti Nedson anakweza dzanja n'kunena kuti palibe mlandu, ndinapeka. Sanatsekule maso. Dzanjalo linangolendewera pa machira n'kugunda bedi langa, a Veronika ndi amene analibwezera pachifuwa.